Chiponde cha Plumpy'Nut: Ubwino ndi Malire Ake M'misasa ya Othawa Kwawo

Kumene chilala chakumana ndi nkhondo, anthu amaunjikana m'misasa yosowa madzi abwino, nkhuni ndi zipatala, ndipo oyamba kunyentchera amakhala ana. Chiponde cha Plumpy'Nut, chakudya chochiritsira ana onyentchera kwambiri chimene André Briend ndi Michel Lescanne anayambitsa ku France mu 1996 ndipo chimapangidwa ndi kampani ya Nutriset, n'choyenera kuchiyeza potengera malo oterewa.

Kapaketi kamodzi kamalemera magalamu 92 ndipo kamapereka makalori 500, kuchokera ku mtedza wosinja, mkaka waufa, shuga ndi mafuta, kuphatikizapo mavitamini ndi michere ina. Ubwino wake waukulu ndi woti sichilira madzi kapena moto: mayi amangofinyafinya kapaketiko kuti mafuta asakanikirane, n'kung'amba pakona, mwana n'kumayamwa yekha. Mkaka wa F-100, wochiritsira ana onyentchera, umene unkadaliridwa kale umafuna kusungunula ndi madzi aukhondo, choncho mwana ankagonekedwa m'chipatala kwa milungu ingapo, abale ake n'kutsala opanda wowasamala. Chiponde chilibe madzi oti tizilombo tiswanemo, ndipo chimakhala zaka ziwiri osawonongeka ngakhale popanda firiji. Pa njala ya ku Niger mu 2005, a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anachiritsa nacho ana zikwizikwi akugona kwawo, ndipo mu 2007 WHO ndi UNICEF anavomereza njira imeneyi.

Komabe sindingachiyamikire mopanda chikaiko. Mwana amene lamba woyezera mkono wafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, kusonyeza kuti wanyentchera kwambiri, amafunika pafupifupi katoni ya mapaketi 150 kwa milungu 6 mpaka 8. Azaumoyo amalangiza kuti amenewa ndi mankhwala a mwana mmodzi, koma m'tenti imene onse agona ndi njala, ndi mayi uti angadyetse mmodzi ena akuyang'ana? Amagawana basi, ena amagulitsako kuti apeze chakudya cha banja lonse, ndipo wodwalayo amachedwa kuchira.

Chiponde chimapatsanso ludzu kwambiri, ndiye ngati madzi akumwa ali oipa, kolera ndi kutsegula m'mimba zimafafaniza zonse zimene chachita. Sichiperekedwa kwa khanda losakwana miyezi 6, ndipo mwana amene watupikana kwambiri kapena akukana kudya chifukwa cha chikuku kapena chibayo amayenera kuyamba ndi mkaka wa F-75 kuchipatala, chimene m'dera la nkhondo chingakhale chitatsekedwa kalekale.