Kiti ya Arduino yomwe ndinagulira mphwanga, yabwino koma kabuku kake musakadalire

Anthu angapo akhala akundifunsa za kabokosi ka zamagetsi kaja ndinagulira mphwanga, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengere yekha. Mtsikanayu ndi mwana wa achemwali anga, ali Fomu 3, ndipo chiyambire ali wamng'ono ndi uja ankamasula wailesi kuti aone amene akuyankhula m'katimo. Ndinatuma mnzanga amene amakaoda katundu ku Johannesburg kuti andibweretsere kiti ya Arduino ya oyamba kumene (Arduino ndi kabodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono, umakalembera malangizo otchedwa khodi kuti kaziyendetsa timagetsi, timamota ndi zina zotero), ndalama yake inandipweteka ndithu koma umalume ndi umenewo.

Chilungamo chake bodi yomwe inabwera si yeniyeni ya ku Italy, ndi yokopera. Si umbava ayi, eni ake chiyambire 2005 ku Ivrea anasiya mapulani ake poyera kuti aliyense atha kupanga yake, n'chifukwa chake zotchipa zili mbwee. Yathuyi ndi yofanana ndi mtundu wa Arduino wotchedwa Uno, tchipi yake ATmega328P, mapini 14 a digito ndi 6 a analogi, imayendera 5V. M'bokosimo munali bredibodi (kabodi ka timabowo kobayapo mawaya polumikiza zinthu), mawaya ambirimbiri, timagetsi ta LED, ma resistor (tizipangizo tochepetsa moto wodutsa mu waya), kabaza kolira tswiii, kamota ka servo, sensa ya kutentha ndi ina ya maso awiri ngati kadzidzi yoyezera mtunda, amati HC-SR04.

Tsiku loyamba laputopu inakana kuiona bodiyo, tinasintha chingwe, tinazimitsa n'kuyatsanso, ine n'kuyamba kutukwana wogulitsa chamumtima, osadziwa kuti mabodi okoperawa ambiri amakhala ndi katchipi ka CH340 kamene kamafuna dalaivala wake payekha, kapulogalamu koika mu laputopu kuti iizindikire bodiyo. Mukaika ameneyo basi zatheka. Pulogalamu yolembera khodi, Arduino IDE, ndi yaulere koma ndi yaikulu, dikirani bandulo ya usiku.

Tsopano kabuku. Chingerezi chake chothyokathyoka sindikudandaula nacho, vuto ndi loti kamangoti lumikiza waya apa, kopera khodi iyi, taona getsi likuphethira. Mwana anamaliza zonse m'masabata awiri, ukamufunsa chifukwa chani resistor ya 220 ili pamenepo amangoti ndi mmene ajambulira. Kenako bokosi linalowa kunsi kwa bedi, ine n'kuti ndalama zanga zalowa m'madzi.

Ndipo madziwo ndi amene anadzatipulumutsa. Kwa achemwaliko madzi amabwera pakati pa usiku, ndiye amasiya mpopi wotsegula, paipi ili mu mgolo wa malita 200, anthu n'kugona, pofika m'mawa pabwalo pali dambo ndipo bilu ikabwera m'nyumba simuyankhulika. Tsiku lina achemwali akudandaula ndinangomuseka mwanayo kuti iwe injiniya, zida si uli nazo kunsi kwa bedi? Anathamangira mawaya nthawi yomweyo, koma aphunzitsi ake a Physics atamva anamuuza kuti asagwire waya ngakhale umodzi asanalembe m'kope vuto lenileni ndi zimene chinthucho chikuyenera kukwanitsa. Analemba kuti mgolo ukadzaza chidzutse munthu mmodzi osati mudzi wonse, chizigwira ntchito ngakhale magetsi atazima, magetsi asakhudzane ndi madzi, komanso amalume asatulutsenso ndalama ina. Chomalizachi ndinasainira ndi mtima wonse. Anajambula njira zitatu n'kusankha ya kadzidzi uja.

Apa ndi pamene kitiyi inayamba kubweza ndalama yanga. Sensayi imatulutsa kaphokoso ka 40 kHz kamene ife sitimva, kakagunda pamwamba pa madzi kamabwerera, ndipo poti phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ukatenga nthawi yopita ndi kubwerayo m'ma microsecond n'kugawa ndi 58 umapeza masentimita a pakati pa sensa ndi madzi. Mwana amene ankaloweza za liwiro ndi mtunda kuti angokhoza mayeso anakhala pansi n'kuwerengera yekha kuti 58 ameneyu akuchokera kuti, mpaka nsima inazizira.

Mu ndowa zinayenda bho. Mu mgolo ndiye zinavuta, manambala amangodumphadumpha, 60 kenako 12 kenako 300, kabaza kanalira cha m'ma 1 koloko usiku mgolo usanafike ndi theka lomwe, alamu anga anadzuka ndi chibonga kuganiza kuti kwabwera akuba ndipo m'mawa mwake moni wanga anayankha ndi mphuno. Mwanayo sanagwe ulesi, anakhala pa mgolo ndi kope tsiku lonse mpaka anapeza kuti phokoso lija silipita mowongoka ngati chingwe, limamwazika n'kumagunda m'mbali mwa mgolo, komanso madzi ogwa kuchokera pa paipi amapanga mafunde. Anakhomera sensa pa thabwa pakatikati, paipi anaitsitsa mpaka pansi, ndipo mu khodi anati iziyeza kasanu n'kutenga nambala yapakati. Zimenezitu m'kabuku muja mulibe.

Kenako nkhani ya moto. Kabatire ka 9V sikanafike ndi m'mawa momwe, bodiyi imadya moto ngakhale ikungodikira. Tinayesa pawabanki, nayo imazima yokha ikaona kuti chomwe walumikizacho chikukoka moto wochepa. Chaja ya foni imagwira koma magetsi akapita zathera pomwepo, lamulo lake lachiwiri lija laphwanyidwa. Ndiye patapita masabata angapo sensayo inayambanso misala chifukwa cha chinyontho, sinapangidwire kukhala pamwamba pa madzi usiku ndi usiku.

Loweruka lina anandipeza ndikumwa tiyi, n'kugwada mwaulemu wake uja, amvekere amalume musakhumudwe, koma apapa Arduino sikufunika. Anatenga botolo la Sobo lopanda kanthu n'kulimangirira ku kandodo, madzi akakwera botolo limayandama, kandodo kamakankha swichi, kabaza n'kulira, mabatire atatu a tochi basi ndipo sadyeka mpaka swichiyo itakhudzidwa. Inali njira yachitatu m'kope muja imene anaidumpha poyamba chifukwa ankaiona ngati ya kumudzi. Mtima unandiwawa pang'ono poganiza za ndalama zija, koma ndinakumbuka makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene ophunzira a Rice University ku America anapanga mogwirizana ndi madokotala a ku Queens, oyambirira aja mpweya wake unkachokera ku timapampu ta m'thanki ya nsomba zoweta m'nyumba. Nayenso William Kamkwamba ku Wimbe makina ake a mphepo anayambira pa njinga yakutha ndi fani ya thirakitala. Ndiye botolo la Sobo ndingalinyoze bwanji ine.

Mugule kapena ayi? Ngati pakhomo pali laputopu komanso mwana amene amafunsa mafunso mpaka kukutopetsani, gulani. Ngati mukukaika, ayambe wayesa pa Tinkercad, ndi yaulere pa intaneti, amalumikiza mawaya ndi kulemba khodi pa sikirini osawotcha kanthu. Mawaya a m'kiti yathuyi ndi ofooka, ena anaduka m'kati osaoneka ndipo unkatha ola lathunthu ukukaikira khodi pamene wolakwa ndi waya, choncho mugulirenso multimeter, kachipangizo koyezera magetsi ndi kuona ngati waya waduka, ngakhale yotchipa, m'bokosimo simukhala. Mitundu ya pa ma resistor nayo ndi yosaoneka bwino, ife tinachita kumata timapepala.

Panopa bodi ija yasamukira ku khola la anapiye, akuti akufuna izimuuza kukazizira kwambiri usiku wa mu June. Kope latsopano layambika kale, ndipo ndaona kuti lamulo loti amalume asatulutsenso ndalama ulendo uno sanalilembe.