Pulogalamu ya RET: mphunzitsi mu labotale ya ulusi wa kangaude

Ku America, bungwe la National Science Foundation limalipira aphunzitsi a sayansi kuti pa tchuthi chachitali akagwire ntchito m'malabotale a mayunivesite, kawirikawiri kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Pulogalamuyi amaitcha RET, chidule cha Research Experiences for Teachers. Mphunzitsi akapezeka mu labotale yofufuza ulusi wa kangaude amapinduladi, koma phindulo lili pa kuyeza, osati pa zodabwitsa zomwe timamva za kulimba kwa ulusiwu.

Kangaude woluka ukonde wozungulira amakhala ndi ulusi wa mitundu yofika 7, ndipo wofunika kwambiri ndi womwe amalendewerapo. Pofuna kuutenga, amamugoneka ndi mpweya wa carbon dioxide, kumumata chagada, n'kukoka ulusiwo ndi kopanira kakang'ono akuyang'ana pa maikulosikopu. Kenako amaukulunga ndi kamota pang'onopang'ono, chifukwa liwiro likasintha, kulimba kwa ulusi kumasinthanso. Akadula kachidutswa, amakamata ndi guluu pa kakatoni kobowola pakati, n'kukaika pa makina okoka mpaka kataduka.

Pamene pamagwa anthu ndi poyeza kunenepa kwa ulusiwo. Ukaphonya ndi 10 peresenti, kulimba komwe uwerengere kumaphonyeka ndi pafupifupi 20 peresenti. Chinyezi nachonso n'chovuta: ulusiwu ukanyowa usanamangidwe mbali zonse, umatha kufupika mpaka theka. Labotale yomwe imalola mphunzitsi kulakwitsa zimenezi ndi manja ake ndiye yabwino. Yongomuonetsa kaye zonse ali chiimire, masabata amangopita.

Mbali ya majini, malangizo a chibadwa omwe ali m'maselo a chamoyo, ndi yokoma kumva. Akangaude amadyana okhaokha, sawetedwa ngati mbozi za silika, n'chifukwa chake ofufuza monga Randy Lewis, yemwe gulu lake linafalitsa zotsatira za jini ya ulusiwu mu 1990 ku University of Wyoming, anatembenukira ku njira yoika jiniyo m'mabakiteriya a E. coli ndi m'mbuzi, kuti zopangira ulusi azizipeza m'mabakiteriyawo ndi mu mkaka wa mbuzi. Koma masabata 6 ndi ochepa kuti munthu afike patali pamenepo.

Chofooka chachikulu chimaonekera pobwerera m'kalasi, kumene makina okoka aja kulibe. Ulusi wonenepa ma micrometer 4 (milimita imodzi ili ndi ma micrometer 1,000) umaduka ndi katundu wongopitirira pang'ono galamu imodzi, choncho miyala ya sikelo ya kusukulu ndi yolemera kwambiri. Musanachoke ku labotale, pemphani kuti muyesere limodzi njira yopachika kakapu ka pepala pa ulusiwo n'kumadonthezamo madzi mpaka utaduka.