Kanjira ka m'mbali mwa damu, mvula itakayesa

Mu Meyi chaka chatha ndinayamikira kanjira kamene anatikonzera m'mbali mwa damu laling'ono kuno kwathu ku Kasungu, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzanenanso mvula ikadutsa. Tsopano tili mu Malichi. Ine ndimayendamo m'mawa uliwonse chifukwa cha BP, mnyamata wanga amapalasamo njinga popita kusukulu, ndiye sindikunena zongomva.

Zimene ndinatamanda kwambiri nthawi ija ndi zomwe zandichititsa manyazi. Chigawo cha polowera, choyalidwa njerwa za simenti, chinali chokongola zedi. Koma dothi la kuno ndi lamchenga, ndipo kumtunda kwake sanakumbeko ngalande. Mvula ya mu Januwale inalowa pansi n'kukokolola mchengawo. Lero njerwa zina zatitimira, zina zatukuka, zangokhala ngati mano a nkhalamba. Wa njinga akafika pamenepo amatsika n'kukankha. Maluwa amene anadzala aja mbuzi zinamaliza Ogasiti asanathe.

Chigawo cha giravelo, chimene ndinachinyoza kuti chikufanana ndi msewu wa kumunda, ndicho chalimba. Anachitukula pang'ono pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, ndipo kumunsi, kumene gombe limatsetserekera m'madzi, anadzalako vetiva mizere iwiri. Ndi udzu womwe uja alangizi amatiuza kudzala pa akalozera. Mizu yake imalowa pansi molunjika mpaka mamita awiri kapena kuposa, ndipo sulowerera malo a zomera zina. Mvula ikangokata ndimakonda kuima pamenepo n'kumaona: matope ndi zinyalala zimakodwa kuseri kwa udzuwo, madzi okha ndiwo amadutsa. Pamene vetiva anathera, madzi akumba kale ngalande yofika m'mawondo. Mtunda womwewo, mvula yomweyo.

Pa mitengo ndiwapatsa ulemu wawo. Nsangu zikuluzikulu zimene anazipeza sanazidule, anakhotetsa njira kuti izizungulire. Nsangu ndi mtengo wa khalidwe lakelake: imayoyola masamba m'dzinja, n'kuphuka m'chilimwe anzake ali mbee. Choncho mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mthunzi unalipo. Chimene anaiwala n'chakuti nsangu ili ndi minga. Mnyamata wanga wamatitsa chubu katatu. Bambo wina wokonza njinga anaona msanga pamene pali ndalama, moti anakhazika pampu yake ndi beseni la madzi pansi pa nsangu yachiwiri, ndipo sasowa ntchito.

Dandaulo langa lalikulu ndi kuchepa kwa njirayi. Ndinayeza ndi mapazi, m'lifupi ndi ngati mamita awiri. Amene anajambula ankaganiza za anthu ongopitidwa mphepo madzulo. Koma njira ikakhala yachidule yopita kumsika, eni ake amadzisankha okha: akabaza, amayi osenza ndowa, ndi njinga za makala zomanga matumba chopingasa. Ya makala ikatulukira kutsogolo, tonse timathawira m'udzu. Akanawonjezera mita imodzi, bwenzi belu ndi mawu oti “tidutse nawo, amayi” zikukwanira. Pano m'mbali mwa giravelo mwayamba kale kanjira kena kopondedwa ndi mapazi.

Magetsi a sola awiri okha ndiwo akuyaka, ena mabatire anapita ndi akuba. Mabenchi a simenti alipo onse, palibe anganyamule. Limene ndimalikonda ndi loyang'ana Phiri la Kasungu, kungoti dzuwa likalowa udzudzu umakuthamangitsa.

Chikwangwani choletsa ana kusambira chinagwa mu Disembala. Madzi osayenda ngati awa ndiwo amasunga nkhono zofalitsa likodzo, ndipo Loweruka lapitali ndinawerenga ana asanu ndi awiri m'madzimo.