Zaka ziwiri ndikugwiritsa ntchito Proton Mail ndi Proton Drive

Ndimasunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono anayi, choncho kumapeto kwa mwezi uliwonse m'manja mwanga mumadutsa zinsinsi za anthu: malipiro a antchito, manambala a maakaunti a kubanki, zithunzi za ziphaso. Kale ndinkangozitumiza pa imelo wamba. Tsiku lina fayilo ya malipiro inakagwera kwa munthu wolakwika chifukwa mayina awiri ankayamba mofanana, ndipo pofika madzulo antchito onse a pashopu ija anali atadziwa zimene mnzawo aliyense amalandira. Usiku umenewo sindinagone. Sabata yomweyo ndinatsegula akaunti ya Proton, kampani ya imelo ndi yosungira mafayilo imene imatseka makalata ndi mafayilo ndi kiyi wachinsinsi.

Ndisanaikemo fayilo ya munthu ndinayamba ndafufuza kaye eni ake, chifukwa sungasungitse mbuzi kwa munthu amene sukumudziwa kwawo. Kampaniyi inayambika mu 2014 ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Anaiyambitsa ndi Andy Yen ndi anzake amene anakumana ku CERN, malo akuluakulu ofufuzira za sayansi, komwenso kunabadwira World Wide Web. Apo n'kuti chaka chapita Edward Snowden ataulula mmene mabungwe a ukazitape a ku America ankasuzumirira mauthenga a anthu. Ndalama zoyambira anazipempha kwa anthu wamba pa Indiegogo, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama: ankafuna madola 100,000, anthu n'kusonkha oposa 500,000. Mu 2016 anatsegulira aliyense imelo yawo ya Proton Mail, mu 2017 anabweretsa VPN, njira yobisira zimene munthu akuchita pa intaneti, ndipo mu 2022 kunabwera Proton Drive yosungira ndi kutumizira mafayilo. Mu 2024 analengeza kuti mwini wamkulu wa kampaniyi tsopano ndi bungwe losapanga phindu la Proton Foundation. Ndalama zawo zimachokera kwa amene amalipira, osati kwa otsatsa malonda, ndipo m'bokosi langa la makalata sindinaonemo chotsatsa cha kampani ina ngakhale chimodzi.

Koma chimene chinandikhazika mtima pansi kwenikweni ndi nkhani imene ena amaitenga ngati chilema chawo. Mu 2021 apolisi a ku France ankafufuza munthu wina wa gulu lomenyera nkhani za chilengedwe. Pempho lawo linafika kwa akuluakulu a ku Switzerland, ndipo iwo analamula Proton kuti ipereke IP adiresi ya munthuyo, nambala imene imasonyeza komwe munthu akulumikizira intaneti. Anaipereka, ndipo anthu ambiri anakwiya. Ineyo ndinaonapo zinthu ziwiri. Lamulo la dziko lawo likawagwira amamvera, ndipo pambuyo pake anakonza mawu a patsamba lawo kuti zimenezi zimveke poyera. Koma zimene zinali m'kati mwa makalatawo sakanatha kuzipereka, chifukwa kiyi wotsegulira alibe. Kwa ine wosunga malipiro a anthu, mpanda umene ndikudziwa polekezera pake ndi umene ndimaufuna.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku zimayenda chonchi. Fayilo ndimaiika pa Drive, n'kupanga linki yokhala ndi pasiwedi komanso tsiku loti ithe ntchito. Linkiyo ndimatumiza pa imelo, koma pasiwedi ndimaitchula pakamwa pa foni. Wolandirayo safunika kukhala ndi akaunti ya Proton. Mayi wina wa hadiweya, yemwe kompyuta saikonda n'komwe, poyamba anadandaula: "Achimwene, zonsezi n'zachiyani, bwanji osangotumiza ngati kale?" Ndinawakumbutsa za fayilo ija. Pano akalandira linki amaimba okha, "Tiuzeni mawu aja," ndipo ndimamva akugogoda zilembo chimodzichimodzi mpaka itatseguka. Linki ikasochera lero, wolandirayo amangoona pakhomo potseka.

Pali zina zoti mudziwe musanayambe. Mutu wa imelo sutsekedwa mmene uthenga wam'kati umatsekedwera, choncho musalembe dzina la munthu ndi ndalama zake pamutupo. Mukalembera munthu wa Gmail popanda kuika pasiwedi, kalatayo ikafika kwa iye imakhala ngati ina iliyonse. Fayilo yomata pa imelo siipitirira 25 MB, zazikulu zimafuna Drive. Akaunti yaulere ili ndi malo ochepa. Kwa munthu wongolemba makalata ndi okwanira, koma wosunga masikani ambiri adzafuna yolipira, ndipo kulipirako ndi kwa ndalama zakunja, zimene kuno kwathu sizipezeka mwachisawawa. Ine ndimalipira kamodzi pachaka kuti ndisamavutike mwezi ndi mwezi.

Chachikulu ndi pasiwedi yanu. Popeza iwo alibe kiyi, mukaiwala pasiwedi musanakonze njira yobwezeretsera, akaunti mukhoza kuipezanso koma makalata akale amakhala otsekeka. Amakupatsani mawu 12 oti musunge, ndipo ndikukupemphani kuti muwalembe tsiku loyamba lomwelo. Anga ndinawalemba ndi bolopeni papepala, ndipo ali mu envulopu imodzi ndi mapepala a nyumba.

Proton ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Maloya, a zachipatala ndi anzanga osunga mabuku a ndalama, yambani ndi akaunti yaulere, mutumizirepo fayilo imodzi kwa kasitomala wanu wovuta kwambiri muone ngati aitsegule.