Chifefe chotchipa cha ku Turkey, patatha chaka ndikuswa nacho timbale ku Mangochi kuno

Anthu angapo akhala akundifunsa za mfuti yomwe ndimagwiritsa ntchito pa masewera oombera timbale tadothi aja, ena akuti kodi yotchipa ingapikisane ndi ma Beretta, mfuti zodula za ku Italy, omwe anzathu a ku Blantyre amabwera nawo, ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse zomwe ndaona chaka chathunthu. Mfuti yake ndi ya ku Turkey, 12 gauge, mipope iwiri wina pamwamba wina pansi, yotalika mainchesi 28, ndinagula kwa munthu yemwe anangoombera kangapo basi. Dzina la kampani sinditchula chifukwa ndinena ndi zofooka zake zomwe, komanso mfuti za mtengo umenewu zimafanana zambiri.

Choyamba nkhani ya pepala, chifukwa popanda iyi zina zonsezi n'zopanda pake. Kuno kwathu mfuti sumangogula ngati wailesi, lamulo lake ndi Firearms Act ya 1967 ndipo laisensi imadzera kupolisi, ine ndinayambira pa polisi ya pa boma pano, mafomu kupita ku likulu ku Area 30, kenako kudikira. Mudzadikira ndithu amwene, ndipo musayerekeze kutenga mfutiyo kunyumba pepala lisanatuluke ngakhale wogulitsayo akhale m'bale wanu. Ine nthawi yodikirayo ndinaotcheretsa kabati ya chitsulo yomangirira kukhoma ndi mabawuti, makatiriji ndimasunga kwina pa loko wakewake, kunyumba kuli ana.

Tsiku loyamba ndinakhumudwa kwambiri, sindibisa. Timakumana anthu ochepa pa famu ya mnzathu wina njira ya ku Namwera, kuli dambo lalikulu moti kutsogolo kwa oombera kuli mamita oposa 300 opanda nyumba kapena njira ya anthu, makina oponyera ndi a sipuling'i okoka ndi chingwe. Kambale kake ndi ka mamilimita 110 m'mimba mwake, kopepuka ngati magalamu 105, kakauluka kamathamanga zedi. Pa timbale 25 ndinaswa 7 basi, phewa linatupa, tsaya kuwawa ngati ndamenyedwa khofi, ndipo pobwerera ndikutsika mapiri aja mumtima ndinali nditagamula kale kuti mfutiyi ndi yabodza ndiigulitse.

Yemwe anandibweza ndi mdala wina wa pagulu lathu, anagwirapo ntchito ya nyama zakutchire kalekale. Anati mwana wanga, chifefe sichiloza ngati raifo, diso lako ndiye limakhala ngati saiti yakumbuyo, ndiye ngati mtengo wa mfutiwo, thabwa lakumbuyo lotsamira paphewa, sukukwana tsaya lako uziombera pomwe sukuyang'ana mpaka kalekale. Tinatenga katoni yaikulu ya firiji, kujambula kadontho pakati ndi makala, kuimika pa mayadi 16, ine kukweza mfuti mwachangu ngati mmene ndimachitira kambale kakauluka n'kuombera, osalinga ayi, kasanu pa katoni yomweyo. Titapita pafupi zinaoneka zokha, timabowo tonse tinaunjikana pansi pa kadontho kaja komanso chakumanzere pang'ono, pamwamba pake katoni ili yoyera. Mdalayo anayeza ndi tepi n'kunena kuti pa mtunda umenewu inchi imodzi pa katoni ndi 1/16 ya inchi pa mtengo wa mfuti, ndiye pamene tsaya limagona panafunika kukwera pafupifupi mamilimita 4. Tinaonanso kuti mtengowo unali waufupi kwa ine, chala chachikulu chimandigunda mphuno ndikaombera.

Apa ndiye pomwe ndikufuna muwerenge bwino, chifukwa ndalama yomwe inasintha mfuti imeneyi inali yochepa kuposa bokosi limodzi la makatiriji. Ku Mangochi kuno kulibe mmisiri wa mfuti, koma amisiri a matabwa okhoma maboti alipo aluso zedi. Ndinachotsa karabala ka kumapeto kwa mtengo kotsamira paphewa, mfutiyo kuisiya yokhoma kunyumba, n'kupita ndi karabalako kwa bambo wina wachikulire kufupi ndi doko, ndinati abambo ndikufuna kathabwa kofanana ndendende ndi aka, kokhuthala sentimita imodzi ndi theka, mabowo awiri pomwepa. Anakayang'ana, kukazunguza m'manja, anatenga kachidutswa ka mlombwa n'kuyamba kupala ndi mpeni wawo wopindika uja mosathamanga, akuyeza ndi chala osati tepi, ndipo nditakamanga kunyumba sipanatsale mpata ngakhale wolowa chikhadabo. Pa tsaya ndinaika zidutswa za rabala yofewa zosanjikiza, wosoka nsapato pa msika anandisokera chikopa chovindikira chomanga ndi zingwe pansi. Sichioneka ngati za m'kabuku ka kampani koma sichisuntha. Nditabwereza katoni ija timabowo tinakwera, tambiri tili pamwamba pang'ono pa kadontho, ndipo ndi mmene pamafunikira chifukwa umafuna kambaleko uzikaona pamwamba pa mpope osati kukabisa.

Chinanso ndi kulemera. Mfuti zotchipazi zambiri anazipangira alenje oyenda tsiku lonse kutchire, ndiye n'zopepuka, yanga inali pafupifupi makilo 3 pomwe za mpikisano zimakhala 3.6 kupita m'mwamba. Yopepuka imamenya phewa kwambiri ndipo imaima msanga ukamatsata kambale. Mkati mwa mtengo wakumbuyo muli bowo lalitali la bawuti, ndinaikamo mtovu wa asodzi uja wa pa ukonde, kuukulunga mu nsalu zolimba kuti usamagwedere, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka mfuti ikamakhazikika pa chala pafupi ndi pomwe imapindikira. Ndinasiyanso makatiriji a magalamu 32 a alenje, pano ndimaombera a magalamu 28 kapena 24, a timachaka ting'onoting'ono ta nambala 7.5 kapena 8. Musaone ngati 24 ndi yochepa, ku Olympics malire ake ndi magalamu 24 omwewo ndipo Vincent Hancock wa ku America watenga nawo golide wa skeet, mtundu wina wa masewera a timbalewa, kanayi, 2008, 2012, ku Tokyo ndi ku Paris 2024.

Za ma choke, timapaipi tomanga kukamwa kwa mpope tochepetsa kumwazikana kwa machaka, sinditaya nthawi, mu bokosi munali asanu ndi kiyi wake. Ndinaika quarter, yopana pang'ono, pa mpope wapansi womwe umayamba kuomba ndi half, yopana kuposerapo, pa wapamwamba, ndipo chiyambire sindinasinthe. Anzanga ena amasintha pa siteshoni iliyonse, kutanthauza malo oimapo poombera, ine ndikuona kuti pa msinkhu wathuwu kuphonya kwambiri kumachokera poombera kumbuyo kwa kambale osati pa choke.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Trigger, kokoka ndi chala poombera kaja, ndi yolemera, makamaka pa mpope wachiwiri, ndipo imeneyi sindinaikhudze ndipo nanunso musaitengere fayilo, mfuti yongodziombera yokha mukaitseka ndi maliro. Safety, kabatani kotsekera kuti mfuti isaombe, imadzibwerera yokha nthawi zonse ukatsegula mfuti, kwa mlenje n'zabwino koma pa mpikisano ndataya timbale tingapo chifukwa choiwala kuikankha, pano chala chinazolowera. Miyezi yoyamba inali yolimba potsegula moti umachita kuthyola ndi mphamvu, inafewa nditachotsa girisi wouma wa ku fakitale n'kupaka watsopano pang'ono pa hinji. Koma vuto lalikulu ndi dzimbiri. Utoto wakuda wa pa mipope ndi wopyapyala, ndiye ndi kutentha kwa kuno mwezi wa October thukuta lili chuchuchu m'manja, kuphatikiza chinyontho cha kunyanja nthawi ya dzinja, ndinangoisiya masiku atatu osapukuta ndinapeza zala zanga zitadindika pa mpope zofiirira. Zinandiwawa mumtima. Chiyambire tsiku limenelo ndikangofika kunyumba, ndisanasambe n'komwe, ndimapukuta mkati ndi kunja ndi kansalu ka mafuta, ma choke ndimamasula n'kupaka girisi m'mazinga mwake chifukwa akagwira dzimbiri satulukanso, ndipo sindiisunga m'chikwama chake cha siponji chifukwa chimasunga chinyezi.

Kumbali yabwino, pa makatiriji onse omwe ndaombera chaka chino sinakanepo kulira ngakhale kamodzi, mipope iwiriyo imaponya malo amodzi, ndipo ikatsekeka palibe kugwedera. Ndalama yomwe ndinapulumutsa posagula ya ku Italy ndi yomwe yandigulira makatiriji ndi timbale, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zochokera kunjazi zinakwera moti munthu umawerenga katiriji iliyonse. Ndinagulanso zotseka m'makutu ndi magalasi, izi musanyengerere, zidutswa za kambale zimagwa ngati matalala makamaka mwera ukamaomba kuchokera kutsogolo.

Kwa amene akuyamba ndipo akuombera kawiri kapena katatu pa mwezi ngati ine, mfuti imeneyi ndikuivomereza ndi mtima wonse, ndingaipatse 4 pa 5, bola mukhale okonzeka kuikonza kuti ikukwaneni ndi kuipukuta osatopa. Amene akufuna kuombera mabokosi ambirimbiri sabata iliyonse asunge ndalama agule yolemera, iyi sindikukhulupirira kuti hinji yake ingapirire zimenezo zaka zambiri. Loweruka lapitali tinali ndi kampikisano kathu ka timbale 50, anabwera ndi anzathu awiri a ku Blantyre ndi ma Beretta awo, ine ndinaswa 38 n'kukhala wachitatu pa anthu 9, ndipo mmodzi wa iwo anapempha kuti ayeseko yanga, atabweza anandifunsa komwe angapeze bambo wa mlombwa uja.