Yoga ya m'mawa cha ku Makawa, galu ali pambali

Malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi akangoona galu amatseka geti. Loji ina yaing'ono cha ku Makawa, pamsewu wopita ku Monkey Bay, imalola, bola mubweretse chingwe ndi khadi la katemera wa chiwewe. Bruno wanga anamupatsa mbale ya madzi ine asanandifunse n'komwe dzina.

Pa lojiyi, yoga, yomwe ndi masewera owongola thupi ndi kupuma mofatsa, imayamba 6 koloko m'mawa pamchenga, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Mayi wophunzitsayo anakhalako ku Canada, ndiye amakonda kutiuza kuti tiziganizira chipale chikugwa mwakachetechete. Chipale ku Mangochi, mu Okutobala! Ine ndinkangomvetsera mafunde ndi asodzi akukoka khoka, mtima n'kukhala pansi ndithu. Kupuma amaphunzitsako, kotulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa pokoka, kumachepetsadi kuthamanga kwa mtima. Nawo msana wanga, womwe njinga yamoto inaumaliza, unamasuka.

Mphasa zawo n'zochepa komanso zakutha, tengani chitenje chanu. Tiyi amachedwa. Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julayi, mchenga umalowa m'maso, choncho amasamukira pakhonde, pomwe agalu saloledwa kufikapo.