Williams College kwa Wothamanga Mitunda Italiitali Amene Kwawo Kulibe Chuma

Wophunzira wa ku sekondale ku United States amene amathamanga mitunda italiitali, ndipo akufuna koleji yapamwamba koma yosalemetsa makolo, aiganizire mofatsa Williams College ya ku Williamstown m'chigawo cha Massachusetts. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1793 ndipo imapikisana mu gawo la Division III la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji a ku United States. Mu gawoli anyamata amathamanga makilomita 8 ndipo atsikana makilomita 6 pa mipikisano ikuluikulu ya m'thengo.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi kaperekedwe ka thandizo la ndalama. Mu gawo la Division III munthu sapatsidwa ndalama chifukwa cha liwiro lake. Sukulu imayang'ana zimene banja limapeza, ndipo kuyambira mu 2022 Williams inachotsa ngongole pa thandizo lake. Choncho mwana akavulala bondo n'kusiya kuthamanga, maphunziro ake sasokonekera, zomwe kwa ine n'zofunika kuposa mendulo.

Zovuta zilipo. Amasankha ochepa kwambiri mwa olembera, kotero liwiro popanda kukhoza bwino m'kalasi silikwanira. Komanso tauniyo ndi yaing'ono, ndipo nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa chochuluka.